Kodi jaji amalemba mankhwala?

Pali milandu iwiri ya ku South Africa imene yakhala ikundizunguza mutu, ndipo poti safunsa anadya phula, ndati ndiitule pano kuti odziwa malamulo andithandize. Ine sukulu ya malamulo sindinaipondeko. Chimene ndimadziwa n'chakuti munthu akadwala amapita kuchipatala, akalakwiridwa amapita kukhothi. Koma kumeneko odwala anachoka pamzere wa kuchipatala n'kukaima pamaso pa majaji. Khothi lake linali limodzimodzi, buku la malamulo limodzimodzi, gawo lomwe anatsegula limodzimodzinso, la 27. Wina anabwerako chimanjamanja, ena anabwerako boma litalamulidwa kuti liwapatse mankhwala mosazengereza. Zinatheka bwanji?

Woyambayo anali bambo wa ku Durban, Thiagraj Soobramoney, wa zaka 41, yemwe sanali pa ntchito. Anali ndi matenda a shuga ndi a mtima, mu 1996 anachita sitiroko, ndipo chaka chomwecho impso zake zinasiya kugwira ntchito. Munthu wotere moyo wake umatsamira pa makina osefa magazi, aja achipatala amati dialysis. Amakulowetsa timapaipi pamkono, magazi n'kumatuluka, kudutsa m'makinamo, n'kubwerera m'thupi atachotsedwa zoipa zimene impso zikanataya mu mkodzo. Kawiri kapena katatu pa sabata, mpaka utapatsidwa impso ya munthu wina kapena utatsikira kulichete. Bamboyu anayamba ndi zipatala zolipira, kumene ulendo umodzi unkadya pafupifupi R1,000. Thumba litabooka, anatembenukira ku chipatala cha boma cha Addington, ndipo kumeneko anamukana.

Sanamukane mwachipongwe ayi, anamuwerengera masamu ake. Makina analipo 20, ena mwa iwo otheratu. Munthu mmodzi amagona pa makina maola anayi, kenako makinawo amatsukidwa maola ena awiri asanagonepo wina. Manesi odziwa ntchitoyi anali ochepa, ndipo malo oyenera odwala pafupifupi 60 ankathandizirapo kale anthu 85. Choncho chipatala chinaika lamulo lake. Amene impso zake zangoima kwa kanthawi, zoti zikhoza kudzukanso, alowe. Amene zake zafa kotheratu alowe pokhapokha ngati thupi lake lingadzathe kulandira impso ya munthu wina. Malinga ndi lamulolo, wodwala mtima ndi mitsempha ya magazi sankaikidwa impso, ndipo bambo Soobramoney anali ndi zonse ziwiri.

Musandiseke, koma funso langa loyamba ndi ili: ndiye kuti anamubweza chifukwa anadwala kwambiri? Ine ndimayesa wodwalitsitsa ndiye amene anzake amamupatsa mpata kuti adumphe mzere.

Anakadandaula kukhothi lalikulu la ku Durban, n'kugonja. Anachita apilo ku khothi loona za malamulo aakulu a dziko ku Johannesburg, lomwe pa nkhani zotere palibenso lina pamwamba pake. Malamulo aakuluwo anali ongotuluka kumene, a 1996, ndipo dziko lonse lapansi linkawayamikira chifukwa sanangolonjeza ufulu wovota ndi woyankhula, analonjezanso nyumba, madzi, chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala. Pa gawo 27 pali ndime yachitatu yonena kuti munthu asakanizidwe chithandizo cha dzidzidzi. Maloya ake anagwira pamenepo. Munthu woti akapanda kusefedwa magazi afa, akusowanso chiyani kuti vuto lake litchedwe la dzidzidzi?

Pa 27 Novembala 1997, mkulu wa khothilo, Arthur Chaskalson, anayankha kuti dzidzidzi ndi tsoka lokugwera mosayembekezera, lofuna chithandizo cha pompopompo kuti ngoziyo ipite. Anapereka chitsanzo cha mlandu wa ku India, wa munthu amene anagwa m'sitima n'kuvulala mutu, zipatala za boma n'kumangopatsirana osamugoneka. Uyo ndiye anamanidwa chithandizo cha dzidzidzi. Koma matenda a bambo Soobramoney anali okhalitsa, osachiritsika, ndipo makina akanangotalikitsa masiku ake. Ndamva, koma mtima sunakhazikike. Kodi imfa ikamabwera chokwawa, ukuiona ili uko, imachepa mphamvu kusiyana ndi yobwera chothamanga? Wogundidwa ndi galimoto lero ali ndi ufulu woposa wa amene impso zakhala zikumuthera kwa chaka?

Khomo la dzidzidzi litatsekeka, panatsala ndime ziwiri zoyambirira za gawolo. Yoyamba imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Yachiwiri, yomwe anthu ambiri sitifika poiwerenga, imati boma lichite zinthu zomveka kuti ufuluwo uzikwaniritsidwa pang'onopang'ono, molingana ndi chuma chimene lili nacho. Majaji anauzidwa kuti kusefa magazi a munthu mmodzi kawiri pa sabata kunkadya pafupifupi R60,000 pa chaka, komanso kuti nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha KwaZulu-Natal inali itapyola kale bajeti yake ya chaka chapitacho ndi R152 miliyoni. Anagamula kuti lamulo la chipatala lija linali lomveka, linkagwira aliyense mofanana, ndipo khothi silithamangira kulowerera pa zimene andale ndi madokotala asankha moona mtima. Patangopita masiku ochepa, bambo Soobramoney anamwalira.

Apa pali munthu wina amene ndimamuganizira, yemwe sanatchulidwe dzina pa mlandu wonsewo. Majaji akanati bamboyu alowe, makina sakanachoka pa 20 kufika pa 21. Wina akanadzutsidwa pa bedi, kapena maola ake akanadulidwa, ndipo wina ameneyo mwina ndi yemwe impso zake zikanadzukanso. Iyeyo analibe loya, sanadziwe n'komwe kuti moyo wake ukukambidwa ku Johannesburg. Kodi chilungamo chimene chimamva wofika kukhothi yekha chikanakhala chilungamo? Ndikafika pamenepa ndimawamvetsa majaji aja, ngakhale kuti kuwamvetsako sikundisangalatsa.

Komabe pali china. Boma likati ndalama palibe, amakasuzumira m'thumbamo ndani? Khothi linayang'ana thumba la zaumoyo la chigawo chimodzi. Patangotha zaka ziwiri, mu 1999, boma lomwelo linasainira kugula ndege zankhondo, zombo ndi sitima zoyenda pansi pa nyanja za ndalama pafupifupi R30 biliyoni. Ine masamu anga ndi a pamsika, koma ndikagawa ndalama imeneyo ndi R60,000 ndikupeza odwala impso 500,000 osefedwa magazi chaka chathunthu. Ndikudziwa kuti pangafunikenso manesi ndi nyumba zoikamo makina, ndiponso kuti dziko silikhala lopanda asilikali. Ndikungofunsa: mawu akuti "chuma chimene boma lili nacho" amatanthauza chuma chonse, kapena chokhacho chimene nduna ya zachuma yasankha kuponyera kuchipatala? Ngati ndi chachiwirichi, ndiye kuti wozengedwa mlandu ndi yemwenso amadziyezera muyezo womuweruzira?

Mlandu wachiwiri unagamulidwa pasanathe zaka zisanu, ndipo unali wa mankhwala otchedwa nevirapine. Kaperekedwe kake kanali kosavuta. Mayi woyembekezera yemwe ali ndi kachilombo ka HIV, matenda a kubereka akangoyamba, ankameza piritsi limodzi. Mwana akabadwa, pasanathe maola 72, nesi ankapopa timadzi ta mankhwala omwewo m'kajekeseni kopanda singano n'kumudonthezera m'kamwa. Basi, zathera pomwepo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Mulago ku Kampala anaonetsa mu 1999 kuti njira imeneyi inkachepetsa ndi pafupifupi theka chiwerengero cha ana otengera kachilombo kwa amayi awo, poyerekeza ndi njira ina imene anaiyesa limodzi nayo. Pa nthawiyo ku South Africa ana pafupifupi 70,000 ankatenga kachilombo mwa njira imeneyi chaka chilichonse. Mu Julayi 2000 kampani yopanga mankhwalawa, Boehringer Ingelheim, inalonjeza kuwapereka ulere kwa zaka zisanu. Mu Epulo 2001 bungwe la boma lovomereza mankhwala linawavomereza pa ntchito imeneyi.

Boma la Thabo Mbeki, kudzera mwa nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang, linati mankhwalawa aziperekedwa m'malo awiri okha pa chigawo chilichonse, ngati moyeserera. Zigawo zilipo zisanu ndi zinayi, ndiye kuti malo 18 m'dziko lonse, kumene kunkachirira amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse ochirira m'zipatala za boma. Dokotala wa chipatala china chilichonse cha boma, ngakhale atamuyeza mayi n'kumupeza nako, ngakhale mayiyo atagwada, sankaloledwa kulemba piritsi limenelo. Mnzake wa ku chipatala cholipira tsidya lina la msewu ankalemba bwinobwino.

Mankhwala aulere, ovomerezeka, dokotala akufuna kupereka, mayi akufuna kumwa. Nanga chinkavuta n'chiyani?

Boma linali ndi zifukwa zake, ndipo si zonse zimene zinali zopanda mutu. Linati piritsi lokha silikwanira, pamafunika kuyeza magazi, uphungu, ndi mkaka wa m'chitini, chifukwa mwana wopulumuka pobadwa akhoza kudzatengabe kachilombo poyamwa. Linati kachilombo kakhoza kuzolowera mankhwalawo. Linati silinatsimikize ngati alibe vuto m'thupi, ndiponso kuti zipatala zambiri zinalibe anthu ndi zipangizo zokwanira. Koma ngakhale ine wosaphunzira ndinakodwa pa chachitatucho. Ngati mankhwalawo anali okayikitsa, amayi a m'malo 18 aja ankawapatsiranji? Anali ndi matupi ena? Ndinasangalala kumva kuti majaji nawonso anafunsa zofanana ndi zimenezi. Ndipo kumbuyo kwa zifukwa zonsezi kunali nkhani imene aliyense ankaidziwa, yakuti mtsogoleri wa dziko ankakayikira poyera ngati HIV ndiyo imayambitsa Edzi.

Amene anatengera boma kukhothi mu Ogasiti 2001 anali gulu la Treatment Action Campaign, lomwe anthu amangoti TAC, lomwe Zackie Achmat ndi anzake analiyambitsa ku Cape Town pa 10 Disembala 1998. Anali limodzi ndi dokotala wa ana Haroon Saloojee ndi bungwe la Children's Rights Centre. Pa 14 Disembala 2001 jaji Chris Botha wa khothi lalikulu ku Pretoria anawapatsa chilungamo. Boma linachita apilo. Mu Malichi 2002 ndunayo itafunsidwa pa wailesi ya kanema ngati idzamvere zimene khothi lalamula, inayankha kuti ayi, ngakhale kuti pambuyo pake boma linathamangira kukonza mawuwo. Apanso ndifunseko: nduna ikakana, jaji amatuma ndani? Apolisi ndi a boma, galimoto zonyamula mankhwala ndi za boma, ngakhale malipiro a jajiyo amachokera ku boma. Mphamvu yake imagona pati?

Pa 5 Julayi 2002 khothi lija lomwe linabweza bambo Soobramoney linagamula, majaji onse ndi mawu amodzi, kuti boma lalakwira gawo 27. Linalamula kuti ziletso zichotsedwe mosazengereza, kuti nevirapine aziperekedwa paliponse pamene dokotala, atakambirana ndi mkulu wa chipatala chake, waona kuti n'koyenera, kuti aphungu aphunzitsidwe, ndiponso kuti ntchito yoyeza magazi ifalikire m'zipatala zonse za boma. Maloya a boma anali atanena kuti kupanga mfundo ndi ntchito ya osankhidwa ndi anthu, majaji asalowererepo. Funso limenelo nanenso ndinali nalo, chifukwa jaji sindinamuonepo pa pepala lovotera. Khothi linayankha kuti mfundo ndi za boma ndithu, koma mfundo ikasemphana ndi malamulo aakulu, kunena kuti yasemphana ndi ntchito imene malamulo omwewo anapatsa makhothi, ndipo akhoza kulamula kuti ikonzedwe.

Tsopano ndikaika milandu iwiriyi pamodzi, ndikuona ngati majaji sankafunsa kuti wadwala kwambiri ndani, kapena woyenera chisoni ndani. Ankafunsa boma kuti chifukwa chako chomumanira munthuyu chikumveka kodi? Zili ngati gogo wokhala pakhonde, yemwe sagula ndiwo ndipo saphika, koma akaona mwana wina akudya nsima yosatowera amaitana wogawayo kuti afotokoze. Akati ndiwo zatha ndipo poto n'kuonekadi mbee, gogo amangoti pepa mdzukulu wanga. Akati ndiwo zilimo koma ndikufuna ndione kaye ngati ana awiriwa satsegula nazo m'mimba, gogo amadzuka. Ku Addington makina analidi 20. Pa nkhani ya nevirapine, boma lenilenilo linavomera kuti mtengo wa mankhwalawo sunali vuto.

Ngati ndamva bwino, ndiye kuti ufulu umenewu umakoma kwa amene matenda ake ndi otchipa. Kodi ndi zimenezo? Mabungwe ena amene analowa mu mlandu wa nevirapine ngati abwenzi a khothi anapempha majaji kuti anene poyera kuti pali kachithandizo kochepetsetsa kamene munthu aliyense angakafune kwa boma nthawi ina iliyonse, ndalama zilipo kapena palibe. Majaji anakana. Anati sizingatheke kupatsa aliyense ngakhale kochepako nthawi imodzi, ndipo makhothi alibe ukadaulo woyeza kuti kochepako ndi kati. Nanga ufulu woti sungauloze ndi chala, sungati wanga ndi uwu ndipatseni, ndi ufulu wamtundu wanji? Mwina yankho n'lakuti chimene munthu ali nacho ndi mphamvu yokakamiza boma kufotokoza pagulu, molumbira, ndi mapepala ake onse pa tebulo. Poyamba zimamveka zochepa. Koma amene anayesapo kufunsa bwana wa mu ofesi ya boma chifukwa chake, n'kuuzidwa kuti mubwere mawa, akudziwa kuti si zochepa.

Chinanso chondidabwitsa n'chakuti majaji anasiya khomo lotsegula. Anati boma likhoza kusintha njira ngati papezeka ina yofanana nayo kapena yoiposa. Ndipo zinaterodi. Nkhawa ija ya kachilombo kuzolowera mankhwala inali ndi maziko, ndipo patapita zaka piritsi limodzi lija linalowedwa m'malo ndi mankhwala ophatikiza. Akanakhala kuti analemba dzina la piritsi pa mwala, bwenzi chigamulo chawo chitasanduka chopinga.

Nanga chigamulo chikaperekedwa, mankhwala amafika m'kabati ya nesi tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Zigawo za Western Cape, KwaZulu-Natal ndi Gauteng zinali zitayamba kale kufalitsa mankhwalawa chigamulo chomaliza chisanatuluke. Koma ku Mpumalanga zinthu zinkayenda mwa kamba, mpaka kumapeto kwa 2002 a TAC anabwereranso kukhothi kukasumira mkulu wa zaumoyo wa chigawocho, Sibongile Manana, kuti akunyoza khothi. Khothi loona za malamulo aakulu lija linali litakana kudzipatsa ntchito yolondola ngati boma likumvera, ponena kuti boma lakhala likulemekeza zigamulo. Ndiye wolondola anali ndani? Anali amayi ndi anyamata ovala masikipa olembedwa kuti HIV Positive, omwe anaphunzitsana m'makomboni mayina a mankhwala ndi kagwiridwe kake ka ntchito, moti ankatha kufika pa kiliniki n'kufunsa nesi kuti nevirapine alipo kapena ayi, n'kukanena ku ofesi yawo.

Ndipo chigamulocho chinali cha ana obadwa. Amayi awo, ndi akuluakulu ena onse, ma ARV sanawapeze kudzera mwa jaji. Achmat anakana kumwa mankhwala ake mpaka boma litalonjeza kupatsa onse. Mu Febuluwale 2003 anthu zikwizikwi anaguba kupita ku nyumba ya malamulo ku Cape Town. Mwezi wotsatira mamembala a TAC analowa m'mapolisi kukasumira nduna ziwiri mlandu wochititsa imfa za anthu. Nduna zonse zinavomereza ndondomeko ya ma ARV mu Novembala 2003, ndipo mankhwala anayamba kuperekedwa mu 2004. Ofufuza a pa yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuzengereza kwa pakati pa 2000 ndi 2005 kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000, ndipo ana pafupifupi 35,000 anabadwa ndi kachilombo pomwe akanatha kupulumuka. Onani zakazo. Zitatu mwa izo zinadza chigamulo cha 2002 chitaperekedwa kale.

Ndikumbukirenso mayi Irene Grootboom, amene dzina lawo lili pa mlandu wotchuka wa nyumba wa mu 2000, womwe majaji anatsamirapo pogamula za nevirapine. Anapambana. Anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa ku Wallacedene. Ophunzira malamulo amaloweza dzina lawo pokonzekera mayeso. Kupambana kotereku kumatchedwa chiyani?

Sindikunena kuti makhothi ndi opanda ntchito. Pali milandu imene jaji akayankhula, zimathera pomwepo. Mu 2000 khothi lomweli linalamula kampani ya ndege ya South African Airways kuti ilembe ntchito Jacques Hoffmann, yemwe inamukana kukhala wothandiza anthu m'ndege chifukwa chopezeka ndi HIV, pomwe mayeso ena onse anakhoza. Munthu mmodzi, ntchito imodzi, wolamulidwa mmodzi wodziwika. Mu 2012 linagamula kuti boma lili ndi mlandu pa Dudley Lee, amene anatenga TB ali pa rimandi ku ndende ya Pollsmoor kwa zaka zoposa zinayi, mapeto ake n'kupezeka wosalakwa. Zikuoneka kuti kuletsa boma kuchita choipa kwa munthu mmodzi n'kopepuka kusiyana ndi kulikakamiza kuchita chabwino kwa anthu miliyoni. Bwanji? Kapena chifukwa choyambacho chimafuna siginecha imodzi, pamene chachiwiricho chimafuna madalaivala, osunga mankhwala, manesi ndi mafuta a galimoto m'mawa uliwonse?

Kwathu kuno zinthu zinayenda mosiyana, ndipo zimandiwonjezera mafunso. Malamulo aakulu a Malawi alibe gawo lofanana ndi 27 ija. Zaumoyo zili pa gawo 13, pa mndandanda wa mfundo zimene boma liyenera kutsata, ndipo gawo 14 limati mfundozo ndi zongolozera njira, ngakhale makhothi akhoza kuziganizira pomasulira malamulo. Pa pepala, ndiye kuti mayi wa ku Ntcheu ali ndi chogwirira chochepa kusiyana ndi mnzake wa ku Soweto. Koma mu 2011 Malawi ndiye anakhala dziko loyamba kuyamba ndondomeko ija ya Option B+, yopatsa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilombo ma ARV a moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Palibe jaji amene analamula zimenezo, ndipo maiko ena anadzatengera kwa ife. Nanga chofunika kwambiri n'chiti, lamulo lolembedwa bwino kapena unduna womva za madokotala ake?

Pomwe jaji analamuladi, zotsatira zake tikuzidziwa. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khothi lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, m'zipinda zosalowa mpweya, ndi nkhanza zonyoza umunthu, ndipo linakana kuti boma lizibisala kumbuyo kwa kusowa ndalama. Linapereka miyezi 18 kuti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka. Amene anakaonapo m'bale ku Maula kapena ku Chichiri m'zaka zapitazi atiuze ngati miyezi 18 ija inakwana. Akaidi sangagube kupita ku nyumba ya malamulo, sangavale masikipa, ndipo achibale awo amachita manyazi kuima pamsewu ndi chikwangwani. Kodi n'chifukwa chake chigamulo chawo chinagona?

Funso lomaliza likukhudza abale athu amene ali ku Joni, aja amatitumizira ndalama ya feteleza. Gawo 27 limati aliyense, silinena kuti nzika. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, womwe anasuma anthu ochokera ku Mozambique okhala ndi chilolezo chokhazikika, khothi loona za malamulo aakulu a South Africa lija linagamula kuti boma silingawamane ndalama za okalamba ndi za ana chifukwa choti si nzika. Mu Epulo 2023 khothi lalikulu ku Johannesburg linalamula kuti amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, azithandizidwa ulere m'zipatala za boma mosayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala awo, ndipo linati zikwangwani zonena zimenezi zipachikidwe m'zipatalamo.

Koma pa geti la kiliniki panadzaima anthu ena, osakhala manesi, osakhala apolisi. A gulu la Operation Dudula ndi ena otero ankafika m'mamawa mzere usanayambe kuyenda, n'kumauza aliyense kuti aonetse chitupa. Wopanda chitupa cha dzikolo ankatulutsidwa pamzere, kaya ali ndi pakati, kaya wabereka mwana wodzabayitsa katemera, kaya wabwera ndi kabuku kake kudzatenga ma ARV a mwezi umenewo. Dandaulo lawo n'lakuti mizere yatalika ndipo mankhwala akuperewera chifukwa cha obwera. Ndi nkhani ya makina 20 yomwe ija, kungoti tsopano wosankha wolowa ndi wotsala wadzisankha yekha. Mu Novembala 2025 khothi lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti woitanitsa pasipoti kwa munthu ndi wapolisi kapena wa imigireshoni yekha, ndipo linaletsa gululo kutchingira anthu ochokera kunja ku zipatala ndi ku sukulu. Chaka chisanathe panafunikanso mlandu wina, wa makiliniki a ku Yeoville ndi Rosettenville, wokakamiza akuluakulu a mzinda, a zaumoyo ndi apolisi kuti achotse anthu otchinga pa mageti. Mmodzi mwa osuma anali TAC yomwe ija, patatha zaka 23.

Ndiye odziwa malamulo mundiyankhe ichi. Mtsikana wa ku Mangochi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, masiku a pa pasipoti yake anatha kalekale, wafika pa geti la kiliniki 5 koloko m'mawa ndipo munthu wamuimitsa kuti aonetse chitupa. Zigamulo zonsezi zili kumbali yake. Lamulo likuti aitane apolisi. Apolisiwo akafika, ayamba kufunsa mapepala a ndani?